Mwana akufuna kukwera sitima pa Chaka Chatsopano cha ku China, ndimulole?

NyaChirwa (Chibavi): Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Tiwonge wanga uja anapita kusukulu ku Wuhan mu Seputembala wandiuza kuti mnzake wa m'kalasi, mtsikana wa komweko, wamuitana kuti akadyere limodzi Chaka Chatsopano chawo kumudzi kwawo, chakufupi ndi Xi'an. Akuti cha 2026 chagwa pa 17 Febuluwale, ndipo ulendo wake ndi wa pa sitima. Mwanayu chibadwire sanakwerepo sitima, kuno ku Mzuzu njanji akanayionera kuti? Ndiye ndaona mavidiyo pa Facebook, anthu atadzaza siteshoni mpaka kusowa poponda. Bambo ake akuti asapite. Ine mtima uli pawiri. Amene munakhalako kumeneko ndithandizeni maganizo.

Gift (admin): Taswera bwino amama. A Wongani ndi a Lusungu, nkhani yanu iyi, tulukani.

Adada Mkandawire (Katoto): Asanabwere achinyamatawo ndiyambe ine. Ndili mbali ya bambo ake. Mwana tinamutumiza kukaphunzira. Banja limene lamuitanalo palibe amene akulidziwa, mudzi wake sitikuudziwa, chilankhulo sanachigwire bwino chifukwa wangokhalako miyezi yochepa. Komanso tisaiwale kuti mzinda wa Wuhan womwewo anautseka pa 23 Januwale 2020 chifukwa cha Covid, nyengo yomweyi anthu ali piringupiringu kupita kwawo. Pamene padzaza anthu matenda sachedwa. Akhale pa hositelo awerenge, tchuthi chitha.

Wongani (Luwinga): Ndafika. Amama, mavidiyo mwaonawo si abodza. Nyengo imeneyi amayitcha Chunyun, imatenga masiku 40, kuyambira masiku 15 chikondwerero chisanafike. Ya 2026 ndi kuyambira pa 2 Febuluwale mpaka pa 13 Malichi. Pa masiku amenewo sitima zokha zimanyamula anthu oposa 400 miliyoni. Chifukwa chake n'chakuti dzikolo lili ndi anthu pafupifupi 300 miliyoni ochokera kumidzi amene amagwira ntchito, ochuluka a iwo kutali ndi kwawo, m'mafakitale ndi pa zomangamanga, ndipo ambiri nthawi yokhayo imene amaona ana awo ndi makolo awo ndi imeneyi. Onjezanipo ana asukulu onse otsekera nthawi imodzi. Ine ndinaukwera ulendo umenewu mu 2024, kuchoka ku Guangzhou kumene ndinkaphunzira kupita ku Sichuan kwa mnzanga. Ndifotokoza mmene zinalili, zowawa ndi zokoma zomwe, kenaka muweruze nokha. Koma ndinene poyambirira kuti ine ndikuti apite.

Esnart (wa ku Taifa): Fotokozani achimwene, tikumva. Ine Guangzhou ndimaidziwa ya malonda yokha, ku Xiaobei ndi m'mashopu. Nyengo imeneyo sindiyerekeza n'komwe kupita.

Wongani (Luwinga): Nkhondo imayambira pa tikiti. Amagulitsa pa app ya 12306, ndipo amatsegula patatsala masiku 15 kuti sitimayo inyamuke, siteshoni iliyonse ili ndi ola lake lotsegulira. Tinakhala ndi mnzangayo aliyense foni m'manja kudikira ola. Litangokwana, mipando ya sitima zothamanga zija inali itatha ife tisanamalize n'kudina komwe. Mabedi a sitima ya usiku chimodzimodzi. Chimene tinapeza ndi tikiti yopanda mpando pa sitima yoyenda pang'onopang'ono, zobiriwira zija. Mtengo wake ndi umodzimodzi ndi wa munthu wokhala pa mpando wamba, koma iwe uli chilili. Ulendo wake unali woposa tsiku lathunthu, usiku wonse uli momwemo. Chaka chimenecho kunagwanso mvula yozizira youndana ndi chipale chofewa ku Hubei ndi ku Hunan, sitima zambiri zinachedwa, yathunso inkaima pathengo nthawi yaitali osadziwa kuti inyamuka liti.

Wongani (Luwinga): Bogi la mipando wamba limakhala ndi mipando 118, atatu mbali ino awiri mbali inayo, moyang'anizana, pakati katebulo kakang'ono. Tsiku limenelo munali anthu ochuluka kuposa apo. Mkanjira ka pakati munadzaza, polumikizira mabogi panadzaza, pafupi ndi posambira m'manja panali mayi atagona chokhala mwana ali pamiyendo. Ambiri ananyamula zidebe zoyera zochokera penti, mkati aikamo katundu, pamwamba n'kukhalapo. Ena timipando topinda. Magetsi sazimitsa usiku wonse. Ukangoti wapeza pokhala pansi wayamba kusinza, wogulitsa zakudya wafika ndi kangolo kake akufuula kuti kwezani miyendo, bogi lonse kudzuka kuti adutse, pakapita kanthawi abwereranso. Kupita kuchimbudzi unkayamba ulendo nthawi isanakwane chifukwa kulumpha anthu kokha ndi mzere wake zinkadya nthawi, ndiye ambiri ankangochepetsa kumwa madzi. Pofika m'mawa mapazi anga anatupa mpaka nsapato kuthina.

Adada Mkandawire (Katoto): Ndiye zimenezi ndi zimene mukuti mwana wamkazi akazione? Wongani mwana wanga, ukudzitsutsa wekha.

Wongani (Luwinga): Ayi adada, dikirani ndimalize. Cha m'ma 11 usiku bambo wina amene anali ndi mpando anandikoka malaya, n'kuimirira, n'kundilozera kuti ndikhale. Ndinakana, iye osamva. Ndinakhala mwina theka la ola, ndikumubwezera iye n'kukhazikapo mnzanga uja, kenaka mayi wina. Usiku wonse mpando umodziwo tinkalandizana anthu angapo, mwini wake amene analipira akuima nawo mofanana ndi ife. Ankagwira ntchito pa fakitale ya nsapato ku Dongguan. Manja ake zala zinali zong'ambikang'ambika ndi guluu, chikhadabo chimodzi chakuda. Anatulutsa foni yosweka galasi n'kundionetsa chithunzi cha mwana wake wamkazi wa zaka mwina zisanu ndi chimodzi, amene amakhala ndi agogo ake kumudzi. Anali asanamuone chichokere pa chikondwerero cha chaka chinacho. Pansi pa mpando anasunga chikwama cha sukulu chofiira chikadali m'pepala lake, ndipo nthawi ndi nthawi ankawerama kuchigwira kuti aone ngati wina sanachiponde. Tinkacheza pogwiritsa ntchito foni yomasulira, iye kulankhula, ine kuwerenga. Anandigawira mazira owiritsa mu tiyi ndi njere za mpendadzuwa, ndipo anandiphunzitsa kuswa njerezo ndi mano akutsogolo. Zaka zonse ndinakhala m'dziko muja, m'kalasi ndi pa hositelo, sindinakhalepo pafupi chotero ndi munthu wamba wa kumeneko. Ku yunivesite umakumana ndi aphunzitsi ndi ana asukulu anzako. Anthu amene amapanga nsapato zimene a Esnart amagulitsa ndinawaonera m'bogi limenelo.

Mphatso (Zolozolo): Nkhani ya bamboyo yandikhudza. Ndi chimodzimodzi abale athu a ku Mzimba ali ku Joni, mu Disembala mabasi akubwera atakoka ngolo zodzaza, munthu masiku angapo pamsewu miyendo itatupa, cholinga akaone mwana amene anamusiya akukwawa. Bambo anga anali m'gulu limenelo. Ndimakumbukira fungo la jekete lawo akafika.

Lusungu (Mchengautuwa): Pepani ndachedwa, ndinali ku ntchito. Amama, ine ndiyankha ngati mtsikana amene ndinayesa zonse ziwiri. Chaka changa choyamba ndinatsala pa hositelo monga akunenera adada Mkandawire. Musaganize kuti kutsala ndi mtendere. Sukulu yonse imatsala mbee. Malo odyera ambiri pasukulu amatseka, timashopu ta panja pa geti timatseka, ogulitsa zipatso pamsewu onse apita kwawo. Panja kukuzizira koopsa, ndipo Wuhan ili m'chigawo chimene nyumba zambiri zilibe mapaipi otenthetsa ngati a kumpoto kwa dzikolo, ndiye kuzizira kwake kumakupeza m'chipinda momwe. Usiku wa chikondwererocho ndinali ndekha pabedi nditafunda mabulangete awiri, pa WeChat, app yawo yochezerana, anzanga onse akutumiza zithunzi ali patebulo ndi mabanja awo. Ndinalira mpaka mutu kupweteka. Mabuku sindinawagwire n'komwe. Mwana amene wangochoka pakhomo miyezi isanu yapitayo, kumusiya yekha choncho masabata angapo, ine ndimaopa zimenezo kuposa sitima.

NyaChirwa (Chibavi): Ayi Lusungu wandilasa mtima. Tiwonge ndi wosayankhulayankhula, akhoza kumavutika osandiuza.

Lusungu (Mchengautuwa): Koma sindikubisirani mbali inayo. Chaka chachiwiri ndinapita kwa mnzanga, ndipo pa sitima munthu wakuda umaonekera patali. Ku Guangzhou kapena ku Beijing anazolowera, koma anthu a m'bogi la nyengo imeneyi ambiri ndi akumudzi, ena sanaonepo munthu wa ku Africa maso ndi maso. Amakujambula osapempha, ena mobisa ena poyera. Ndinali nditaluka tsitsi, mayi wina anangofika kumbuyo n'kuyamba kuligwira akufunsa mnzake ngati ndi lenileni. Kamwana kena kanandiyang'ana n'kuyamba kulira, anthu n'kuseka. Wina anandifunsa ngati kwathu kuli madzi. Ambiri si nkhanza, ndi chidwi, koma ukakhala wotopa, sunagone, chidwi chimenecho chimapweteka. Amuna ngati a Wongani mwina saziona kwambiri, ife akazi amatigwira ndithu. Tiwonge adziwiretu, ndipo adziwe kuti ali ndi ufulu wokana. Kugwedeza dzanja n'kuyang'ana munthuyo kumaso kumakwana, ambiri amachita manyazi n'kusiya. Mnzakeyo amuuziretu kuti aziyankhula m'malo mwake zikafika potero.

Wongani (Luwinga): Zoona asisi, nanenso anandijambula, koma kundigwira ayi. Apo sindingatsutse.

Adada Mkandawire (Katoto): Zimenezi ndiye zikundiwonjezera nkhawa. Nanga chitetezo? Akuba, anthu oledzera usiku?

Lusungu (Mchengautuwa): Pa chitetezo adada ndikhoza kukutsimikizirani. Sulowa mu siteshoni popanda kuonetsa chiphaso, katundu yense amadutsa pa makina ngati pa bwalo la ndege, mipeni amalanda. Tikiti iliyonse imalembedwa dzina ndi nambala ya chiphaso cha mwini wake, lamulo limeneli linafika pa sitima zonse mu 2012, ndiye aliyense ali m'bogimo amadziwika. M'sitima mumakhala apolisi ndi oyang'anira bogi. Foni ndi pasipoti azisunga m'kachikwama ka mkati mwa jekete, basi. Ine ndinagona tulo ndithu pa bedi la sitima ya usiku.

Esnart (wa ku Taifa): Ine chimene ndimadziwa ndi cha 2008. Anzathu amene anayamba kale kupita ku Guangzhou amasimba mpaka lero. Mu Januwale chaka chimenecho chipale chofewa chinagwetsa mawaya a magetsi ku Hunan, sitima zinaima, anthu mazanamazana a zikwi anaunjikana panja pa siteshoni ya Guangzhou masiku angapo mvula ikuwavumba. Kuyambira pamenepo amalonda timadziwa kuti oda ya katundu uipereke Disembala asanathe, apo ayi udikira mpaka Malichi, chifukwa mafakitale amatseka ndipo antchito ena sabwereranso.

Wongani (Luwinga): Za 2008 n'zoona achemwali, koma papita nthawi. Chaka chomwecho m'pamene anatsegula njanji yothamanga ya Beijing ndi Tianjin, pano njanji zoterozo zapitirira makilomita 40,000. Ya Beijing kupita ku Shanghai, makilomita 1,318, inatsegulidwa mu 2011, ndipo sitima zina zimathamanga makilomita 350 pa ola. Ichi n'chifukwa chake ndikuti ulendo wa Tiwonge sufanana ndi wanga. Kuchoka ku Wuhan kupita ku Xi'an pa sitima yothamanga ndi maola ochepa, anyamuka m'mawa chakudya cha masana akadyera komweko. Mkati mwake ndi moyera, kusuta n'koletsedwa, pali pochajira foni. Ine sindikuti akaime usiku wonse ngati ine. Ndikuti alimbane apeze mpando, ndipo akalephera tsiku limene akufuna asinthe tsiku. Ana asukulu amatsekera msanga kuposa antchito, ndiye akanyamuka sabata imodzi kapena kuposerapo chikondwerero chisanafike mpanipani umakhala wochepa. Pa app pomwepo palinso mzere wodikira, umalipiriratu, wina akabweza tikiti imagwera iwe. Anthu ambiri amapeza mipando mwa njira imeneyo.

Adada Mkandawire (Katoto): Sitima ndinakwerapo ine ndi ya TAZARA, kuchokera ku Mbeya kupita ku Dar es Salaam, titadutsa pa Songwe ndi Kyela. Anamanga ndi anthu a ku China omwewo, kuyambira 1970 mpaka 1975, makilomita 1,860 kukafika ku Kapiri Mposhi. Nthawi ya Nyerere ndi Kaunda imeneyo. Ndimakumbukira tikudutsa m'nkhalango ya Selous tikuona nyama pa windo. Koma mmenemo ndinkamva chilankhulo, ndikasochera ndikanafunsa.

Wongani (Luwinga): Mwandikumbutsa adada. M'bogi muja nditati ndine wa ku Malawi palibe anadziwa. Ubale wa maiko awiriwa unangoyamba kumapeto kwa 2007, ndiye dzina lathu silinafike kumidzi. Nditati tili pakati pa Tanzania ndi Zambia, agogo ena aamuna amene anali chete nthawi yonseyo anadzuka n'kuyamba kufotokozera anzawo za njanji imeneyo mokweza, akuloza ine. Achikulire a kumeneko amaidziwa bwino. Kuyambira pamenepo malalanje ankangobwera kuchokera mbali zonse.

Gift (admin): Ine funso langa ndi la chakudya. Maola onsewo munthu amadya chiyani?

Wongani (Luwinga): Kumapeto kwa bogi lililonse kuli mpopi wa madzi otentha aulere. Aliyense amanyamula noodles za m'kapu ndi botolo la tiyi, ndiye bogi lonse limanunkhira zomwezo. Chakudya cha pa kangolo chilipo koma n'chodula. Tiwonge atenge zipatso, buledi, mazira, ndi mapepala a kuchimbudzi chifukwa pa sitima zakale sumawapeza.

NyaChirwa (Chibavi): Nanga akafika kumudziko? Kumeneko ndiye kumene bambo ake akudandaula kwambiri. Akuti tikudziwa bwanji kuti akamulandira bwino.

Lusungu (Mchengautuwa): Amama, kuitanidwa pa chikondwerero chimenechi si nkhani yamasewera. Ndi tsiku la banja, saitana munthu wamba. Mtsikanayo sakanatchula asanapemphe makolo ake. Kumene ndinapita ine amayi a mnzanga anandikonzera bedi ndi bulangete lamagetsi, anandigulira masokosi ofiira, ndipo patebulo mbale yanga sinkatha chifukwa aliyense ankangoikamo. Tinakhala pansi akazi tonse kukulunga tizitumbuwa ta nyama tija amati jiaozo, agogo akundikonza zala mpaka nditadziwa kutsina m'mphepete mwake. Kumpoto ngati ku Xi'an ndi chakudya chachikulu cha usiku umenewo. Kenaka banja lonse pa TV kuonera pulogalamu ya chikondwerero imene imaulutsidwa chaka chilichonse kuyambira 1983, pakati pa usiku makombola kunja mpaka utsi kudzaza mudzi. M'mawa agogo anandipatsa envelopu yofiira muli ndalama monga anapatsira zidzukulu zawo. Ndinayesa kukana, mnzanga anandiuza kuti ndilandire ndi manja awiri ndipo ndisatsegule pamaso pawo.

Lusungu (Mchengautuwa): Pepani, ndi jiaozi, foni yandisinthira. Chinanso, asapite chimanjamanja. Zipatso, bokosi la mkaka, ndipo ngati anatenga khofi wa kuno kapena tiyi wa ku Thyolo apereke zimenezo, amakondwa kwambiri ndi chinthu chochokera kwanu. Wotchi ya pakhoma asapereke, kwa iwo ndi malodza, ndipo apewe zinthu zinayi. Amuna a m'banjamo adzamukakamiza kachasu wawo woyera uja, akhoza kukana mwaulemu n'kukweza kapu ya tiyi, kwa mtsikana palibe amene amalimbikira.

Esnart (wa ku Taifa): Musaiwale za apolisi. Mlendo akagona panyumba ya munthu osati pa hotela, lamulo limati akalembetse ku polisi ya m'deralo pasanathe maola 24. Apite ndi mwini nyumba, atenge pasipoti. Ndipo asadalire kuti zikavuta akagona pa hotela iliyonse. Ine ndinabwezedwapo usiku pa hotela ina yaing'ono m'tauni ina, akuti salandira alendo akunja, ndinayenda ndi chikwama mumsewu mpaka kupeza ina. Auzenso ofesi ya ophunzira akunja pasukulu pake kumene akupita ndi tsiku lobwerera.

Adada Mkandawire (Katoto): Ndamva zonse, ndipo za kusungulumwa zimene wanena Lusungu sindinaziganizire. Komabe ine sindingalole mwana wanga kukagona kwa anthu amene sindinawaone nkhope. NyaChirwa, ngati mukumulola, muyambe mwalankhula ndi makolo a mtsikanayo pa vidiyo, ana awiriwo azimasulira. Mutenge dzina la mudzi, nambala ya bambo ake, nambala ya sitima. Mukhalenso ndi nambala ya ofesi ya kazembe wathu ku Beijing. Ndipo avale chophimba kukamwa m'sitimamo, za matenda sindinasinthe maganizo.

Wongani (Luwinga): Pamenepo tagwirizana adada, ambiri amavala kale m'nyengo yozizira. Amama, pa vidiyoyo muike WeChat pa foni yanu, WhatsApp ndi Facebook kumeneko n'zotsekedwa, ndipo kumudzi njira zozembera kutsekako sizidalirika. Kumbukirani kuti ali patsogolo ndi maola 6, ndiye 1 koloko masana kuno ndi 7 koloko madzulo kwawo, nthawi yabwino yopeza banja lonse pakhomo.

NyaChirwa (Chibavi): WeChat ndili nayo, anandiikira asananyamuke. Bambo ake ndawawerengera zonsezi, sanayankhe kanthu koma afunsa kuti tikitiyo ndi ndalama zingati. Gift, Loweruka ubwere kunyumba utithandize pa vidiyopo, network ya ku Chibavi imavuta m'nyumba.

Gift (admin): Ndibwera amama, cha m'ma 12.

Lusungu (Mchengautuwa): Mumuuze ayambe lero kulembetsa pasipoti yake pa 12306, chifukwa amayamba atsimikizira kaye asanakulole kugula, asadikire tsiku lotsegulira. Dzina alembe ndendende mmene lilili m'pasipoti. Tikiti ya pepala kulibe masiku ano, pasipotiyo ndiye tikiti, ndipo pa geti apite mbali imene pali munthu woyang'ana ziphaso ngati makina akana. Wuhan ili ndi masiteshoni akuluakulu atatu, Wuhan, Hankou ndi Wuchang, otalikirana ndithu, awerenge bwino kuti yake inyamukira pati. Afike nthawi ikadalipo yambiri, geti amatseka patatsala mphindi zochepa ndipo sitima sidikira munthu.

Mphatso (Zolozolo): Nanga pobwerera zimakhala zopepuka?

Wongani (Luwinga): Ayi, mpanipani wake ndi womwewo, kungoti wayang'ana kwina, aliyense akuthamangira ku ntchito tchuthi chikangotha. Tikiti yobwerera nayonso imatsegulidwa patatsala masiku 15, ndiye tsiku logula lidzamupeza mwina ali kale kumudziko. Atchere alamu pa foni, ndipo agule awiriwo nthawi imodzi kuti akhale bogi limodzi.